Lero Sitituluka

Ntchito yanga yoyamba kuno ku Mangalande anandipezera ndi anti Loveness. Si abale anga a magazi, koma ankaimba kwaya limodzi ndi mayi anga ku Dedza asanabwere kuno. Nyumba yosamalira okalamba imene ankagwirako ntchito ku Erdington, mumzinda wa Birmingham, itafuna anthu, iwo anakatchula dzina langa kwa manijala. Chitupa changa chokhalira m'dziko muno chinali chomangirira pa nyumba imeneyo, kutanthauza kuti ntchito ikanatha, nanenso ndikanalongedza. Mayi sankatopa kundikumbutsa pa foni kuti, "Tadala, a Loveness ndiwo mayi ako kumeneko. Usadzawayankhe mwano." Ndinkavomera ndi mtima wonse, poti anti anandigonekadi pabalaza pawo mpaka nditapeza chipinda changa.

Tsiku la ntchito linkayamba ndi handova, pamene anzathu ogwira usiku ankatiuza amene sanagone, amene wagwa ndi amene wakana mankhwala. Tikatero tinkavala magolovesi ndi epuloni ya pulasitiki, n'kuyamba kulowa chipinda ndi chipinda: kusambitsa, kusintha thewera, kudzoza mafuta m'malo amene khungu layamba kufiira, kuveka zovala. Amene sangathe kuima tinkamunyamula ndi hoisiti. Munthuyo mumamugoneka pa nsalu yolimba yotchedwa siling'i, mumakoleka zingwe zake pa makinawo, wina amadina batani pamene wina wagwirizira mutu ndi miyendo. Lamulo lake ndi lakuti pakhale anthu awiri nthawi zonse. Ena tinkawathirira ufa wolimbitsa tiyi kuti asatsamwe.

Anthu akamva za ntchito iyi amaganiza kuti chonyansa ndi matewera. Ayi ndithu. Fungo umalizolowera sabata yomweyo. Chimene chinkandinyansa ine ndi liwiro. Tinkatsuka agogo a eni ake ngati mbale za pa ukwati, maso ali pa wotchi, kuti nthawi ya chakudya cha m'mawa aliyense akhale ali pa tebulo. Munthu akayamba kukusimbira za malemu mkazi wake, iwe unkangoti "eya, eya" uku ukumukoka mkono kuti ulowe mu juzi. Walira mvula walira matope, ndinkadziuza choncho, ndipo ndinkapirira.

Pa chipinda chakumapeto kwa khonde la pansi pankakhala a Errol. Anabadwira pa kachilumba kena ka ku Karibiyani, ndipo pa unyamata wawo anali msodzi, mwini bwato. Anabwera ku Birmingham kalekale, anagwira ntchito m'fakitale mpaka kupuma, kenako sitiroko inawapha mbali imodzi ya thupi. Mutu wawo unkapita ndi kubwera. Tsiku lina ankadziwa bwinobwino kuti ali ku Erdington, tsiku lina anali pagombe la kwawo. Koma funso lawo la m'mawa silinkasintha. Ukangotsegula chitseko, usanapereke n'komwe moni, iwo ankati, "Nyanja ili bwanji lero?"

Ine wa ku Dedza, mwana wa m'mapiri ndi mbatata, nyanja yamchere ndinali ndisanaionepo ndi maso. Mwana wawo Sandra ndiye anandionetsa pa foni tsamba limene a zanyengo a pa chilumbacho amalembapo za tsiku lililonse. Ndinayamba kuliwerenga m'basi popita ku ntchito. Pang'onopang'ono ndinaphunzira kuti mphepo ya masiku onse imachokera kum'mawa, kuti ikatembenuka n'kuyamba kuchokera kwina asodzi amakhala tcheru, kuti madzi amadzaza ndi kuphwera kawiri pa tsiku, ndiponso kuti mafunde akapitirira msinkhu wa munthu amatulutsa chenjezo kwa mabwato ang'onoang'ono. Miyezi ina ankalemba za ndere zofiirira zimene zimaunjikana pagombe. A Errol ankati zikawola zimanunkha ngati mazira owola, ndipo ankakwinya mphuno ngati fungolo lalowa m'chipindamo.

Ndikawawerengera, iwo ankatseka maso n'kuganiza, kenako ankagamula. Ngati nyanja ili bwino ankakuwira kukhomo kuti, "Anyamata, kankhani bwato!" ndipo ankadzikweza okha ndi dzanja labwinolo kuti tiwaike pa siling'i. Ngati yaipa ankakoka bulangete mpaka m'khosi n'kunena kuti, "Lero sitituluka." Tsiku lotero tiyi ankamwera pabedi, ndipo kusamba kunkachedwa mpaka dzuwa litakwera. Pa nyumba yonseyo, pamene ena ankawasankhira nthawi yodzuka, chovala ndi chakudya, ichi chokha ndicho chinawatsalira choti agamule okha. Mng'ono wawo Cuthbert anali akadali ku chilumbako, akusodzabe ngakhale anali wokalamba, ndipo m'mutu mwa a Errol iyeyo ndiye ankatsogolera anyamata aja.

Anti Loveness anali wamkulu wa shifiti yathu, ndipo iwo anali ndi njira yawo. Ankalowa akuimba, n'kunena asanafunsidwe kuti, "Nyanja ili phee lero, a Errol!" Foni osaiyang'ana n'komwe. Kwa anti nyanja ya pa chilumba chija inali bata chaka chonse, ngati madzi a m'beseni. Nditawafunsa mwaulemu chifukwa chimene ankawanamizira, anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Iwe Tadala, maresidenti ndi angati pano? Aliyense tizimuwerengera za weza, za mphepo ndi mafunde? Komanso kwathu wodwala sitimuuza zoipa. Ngakhale maliro timati matenda akula. Wayiwala mwambo?"

Mwambowo sindinauyiwale. Bambo anga atamwalira ine ndili ku sekondale, amalume anabwera kudzanditenga akunena kuti matenda akula, ndipo sindinawakwiyirepo. Bodza lawo linali londinyamula ine kuti ndikafike kunyumba ndili chiimire. La anti linali lonyamula anti, kuti chakudya cha m'mawa chithe msanga. Kumva mwambo wa maliro a bambo anga ukugwiritsidwa ntchito ngati chokolopera kunandinyansa, koma ndinakumbukira mawu a mayi ndipo ndinabwerera ku ntchito yanga.

Tsiku lovuta linafika m'nyengo ya anamondwe. Kwa masiku angapo ndinali ndikuwerenga za namondwe amene ankakula pakati pa nyanja, ndipo a Errol ankamutsatira ndi ine, akufunsa kumene walowera. M'mawa umenewo tsamba lonse linali lofiira. Namondweyo anali atakhota usiku n'kulunjika pa chilumba chawo. Mabwato onse analamulidwa kukhala kumtunda, ndipo anthu a m'mphepete mwa nyanja ankauzidwa kuthawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Ndinatsika basi ndikukonza m'mutu mmene ndikawauzire modekha.

Anti anandigwira mkono pa khonde. "Lero kukubwera mabwana a kampani kudzayendera. Tili shoti, awiri sanabwere. Aliyense akhale atadiresedwa, ali mu launji. Iwe upite pamwamba."

"Anti, koma a Errol lero nyanja yawo..."

"A Errol ndiwaona ndine. Pita."

Ndinapita pamwamba. Nditatsika ndi mayi wina wokalamba pa njinga yake ya olumala, ndinapeza a Errol ali pa mpando wawo mu launji, chipinda chochezera, atavala malaya awo a maluwa amene ankawasungira Lamulungu, tsitsi litapesedwa bwino. Anali osangalala kwambiri. Ankauza aliyense wodutsa kuti lero Cuthbert abwera ndi nsomba zambiri chifukwa nyanja yagona, monga anti anawauzira m'mawa. Anti anali pakhomo ndi alendo atatu a masuti, akuwaonetsa mmene okalamba athu amaonekera aukhondo.

Wailesi ya kanema inali pa nkhani, monga mwa masiku onse. Panabwera mapu a nyanja, chinthu choyera chikuzungulira pakati pake. Kenako anaonetsa mitengo ya kokonati itawerama mpaka pansi, malata akuuluka, mafunde akulowa mumsewu. Pansi pa chithunzicho panalembedwa dzina la chilumba chawo m'zilembo zikuluzikulu. Zilembo zikuluzikulu a Errol ankatha kuziwerenga.

Kapu ya tiyi inapendekeka n'kukhuthukira pa malaya a maluwa aja, iwo osamva.

"Ndawatulutsa," anatero chapansipansi. Kenako anakuwa mawu amene sindinawamvepo kwa iwo. "Ndawauza anyamata akankhe bwato! Cuthbert ali pamadzi! Ndawatulutsa ine!"

Anayesa kuimirira ndi mwendo umene sugwira ntchito, dzanja labwino likukanda mpando. Anti anathamanga, nazimitsa kanemayo, natembenukira kwa alendo aja akumwetulira.

"Ndi filimu chabe imeneyi, a Errol. Filimu."

Zinandinyansa. Munthu akulira kuti wapha mng'ono wake, wina akumuthira bodza lachiwiri pamwamba pa loyamba, ndipo maso ali kwa anthu a masuti. A Errol anawayang'ana anti nthawi yaitali. Mutu wawo unkasokonezeka, inde, koma sanali chitsiru.

Ndinagwada patsogolo pawo, ndinatulutsa foni, ndipo ndinawawerengera zonse mmene zinalembedwera: kumene mphepo ikuchokera, kukula kwa mafunde, ndi lamulo lakuti mabwato onse akhale kumtunda, limene linatuluka dzulo lake usiku. Anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka kuwawa.

"Cuthbert anamvera?"

"Sindikudziwa, a Errol. Chimene ndikudziwa n'chakuti anachenjezedwa dzulo, inu musananene chilichonse."

Anangogwedeza mutu, misozi ikutsika. Tinamuimbira Sandra, ndipo anabwera masana, koma mafoni a ku chilumbako sankalowa. Tsiku limenelo a Errol sanadye kanthu. Atafuna kuwasintha malaya onyowa aja, anti anangowayandikira, a Errol n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Ndinawasintha ndine ndi mnzanga wina wa ku Zambia. Panapita masiku angapo uthenga usanafike wakuti Cuthbert ali moyo. Bwato analikokera kuseri kwa tchalitchi namondwe asanafike, ngakhale denga la nyumba yake linapita.

Manijala anandiitana kuti ndifotokoze chimene chinachitika, poti alendo aja anafunsa. Ndinalowa mu ofesimo ndikudziwa kuti anti ndiwo amalemba mashifiti ndiponso kuti mawu awo ndi olemera kuposa anga. Ndinanena zonse mmene zinalili. Manijala anamvetsera, analemba, anandithokoza. Sabata yotsatira panatuluka lamulo latsopano: m'chipinda chochezera musamaikidwenso nkhani, muziikidwa mapulogalamu a zophikaphika. Mlandu wonse unagwera wailesi ya kanema.

Anti sanandikhululukire. "Ndinakutola ku fumbi la ku Dedza, lero ukukandiripota kwa azungu?" Anawaimbira mayi, mayi anandiimbira akulira. Mashifiti a Loweruka ndi Lamulungu onse anakhala anga, ndipo kwa miyezi ndinkalowa pa geti ndikuyembekeza kuuzidwa kuti ntchito yatha. Ku tchalitchi amayi ena ankandiyankha moni ndi mphuno.

Koma chimene chinandipweteka koposa chinali m'chipinda chakumapeto chija. A Errol anasiya kufunsa za nyanja. Ukatsegula chitseko ankangoyang'ana kudenga. Ukawaika pa siling'i ankangolola, thupi lili lendelende ngati thumba la chimanga. Sankakana, sankagamula, sankaitananso anyamata. M'mawa wina tikuwatsitsa pa mpando, anti ananena mokondwa kwa mnzathu uja kuti, "Mwaona? Masiku ano a Errol afewa, savutanso." Ndinatuluka panja kukalavula.

Ine sindinasiye. M'mawa uliwonse umene ndinali pa ntchito ndinkaima pafupi ndi bedi lawo n'kuwawerengera, afunse asafunse. Mphepo ya kum'mawa, mafunde aang'ono, mvula yowaza masana. Ndere zabweranso pagombe la kum'mwera. Iwo duu. Nyengo yozizira inadutsa choncho, ine ndikulankhula ndi munthu woyang'ana kudenga, anzanga akundiseka kuti ndasanduka wa zanyengo wa pa wailesi.

Tsiku lina kunja kuno kukuyamba kufunda, tsamba lija linalemba za mafunde akuluakulu ochokera kumpoto, ndi chenjezo kwa mabwato ang'onoang'ono. Ndinawerenga monga mwa masiku onse, n'kutembenuka kuti ndikokere hoisiti pafupi. Ndinamva bulangete likukokedwa. Nditacheuka ndinaona a Errol atalifikitsa m'khosi, diso limodzi lili pa ine.

"Ochokera kumpoto?" anafunsa.

"Kumpoto, a Errol."

"Lero sitituluka."

Ndinabweza hoisiti pa khonde, ndinakawatengera tiyi wawo wolimbitsa ndi ufa uja, ndipo anamwera pabedi. Anti anabwera akuloza wotchi, akufunsa chifukwa chimene mpando wa a Errol uli wopanda munthu pa tebulo. Ndinawayankha mwaulemu wonse, monga mayi anandiphunzitsira, kuti nyanja yaipa.

Panopa ndimagwira ntchito kwina, ndipo atsikana atsopano ochokera kumudzi amapatsidwa kwa ine kuti ndiwaphunzitse. Ndimawaonetsa kakolekedwe ka siling'i ndi kathiridwe ka ufa mu tiyi. Ndikatha ndimawauza kuti wokalamba aliyense ali ndi kanthu kamodzi kamene kamutsalira koti agamule yekha, ndipo ntchito yathu ndi kukapeza n'kukasiya m'manja mwake, ngakhale chakudya chizizire pa tebulo. Wokalamba amene wasiya kuvuta musamuyamikire msanga. Pitani mukaone chimene mwamulanda.