Mbale za Pamaliro ku Brampton

Ndikukumbukira manja anga mmene analili ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Anali osalala, opanda ndi chipsera chomwe, kupatula khungu louma kunsonga kwa zala za kumanzere pamene nsambo za vayolini zinkandidya tsiku ndi tsiku. Kunyumba kwathu ku North York, dera la mumzinda wa Toronto, pamwamba pa nyumba ina yosanja, manja amenewo ankasamalidwa kuposa mwini wake.

Tinkakhala awiriwiri, ine ndi mayi. Bambo anamwalira tisanachoke ku Zomba, ine ndili wamng'ono, ndipo kuno mayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Vayolini ndinaidziwira ku pulayimale, kumene ankabwereketsa zida zoimbira kwa mwana aliyense wofuna. Anzanga ankailiza ngati chitseko chosowa mafuta, koma kwa ine inkangomvera, sindidziwa chifukwa chake. Mphunzitsi wathu ataona zimenezi anatilangiza kuti ndikayesedwe kusukulu ina ya m'kati mwa Toronto, yophunzitsa ana aluso pa nyimbo. Ananditenga, ndipo anati ndiziphunzira ulere, bola chaka chilichonse ndiziimba pamaso pa oweruza n'kuwakhutiritsa kuti malowo ndi ondiyenerabe.

Sukuluyo inali dziko lina. M'mawa tinkaphunzira masamu ndi sayansi monga ana ena onse, koma ikakwana masana aliyense ankalowa m'kachipinda kake, kutseka chitseko, n'kuyamba kulimbana ndi chida chake. Ukamayenda m'khonde unkamva piyano uku, chitoliro uko, wina akubwereza kachigawo kamodzimodzi mpaka iwe wodutsa kutopa nako. Anzanga ambiri anachokera m'mabanja amene ngakhale agogo awo ankaimba zida zimenezi. Mpira sankasewera. Kunja kukangoyamba kuzizira ankavala magolovesi, ndipo panali mnyamata wina amene ankatsegula chitseko ndi phewa kuopa kupana chala. Poyamba ndinkawaseka mumtima, koma pasanapite nthawi nanenso ndinayamba kutsegula zitseko ndi phewa.

Mphunzitsi wanga wa vayolini anali Mayi Irena, gogo wamfupi wochokera ku Ulaya, wosadziwa kuyamikira. Ukaimba bwino ankangoti, "Bwerezanso." Phunziro lisanayambe ankagwira manja anga, kuwatembenuza, kuyang'ana zikhadabo ngati akusankha tomato pamsika. Tsiku lina anaitanitsa mayi n'kuwauza mosapsatira kuti mwana uyu ali ndi mphatso yosowa, ndiye asagwire mpeni, asatsuke zinthu zagalasi, asanyamule zolemera. Mayi anavomera, ndipo kunyumba lamulolo ankalisunga ngati la m'Baibulo. Ankabwera kuntchito atasambitsa okalamba tsiku lonse, manja atang'ambika ndi sopo, n'kufikanso pasinki yathu, ine ndili kuchipinda ndi vayolini. Ndisaname, zinkandisangalatsa. Unali ulesi wokhala ndi chilolezo, komanso nyimbozo ndinkazikonda kuposa chilichonse chimene ndinali nditakondapo.

Abale athu kuno anali a mpingo umene tinkapemphera nawo ku Brampton, Amalawi ndi a ku Zambia pamodzi. Mtsogoleri wa amayi anali aNabanda, mayi wamtali wa mawu amphamvu, amene anatisunga m'nyumba mwake miyezi yathu yoyamba m'dziko lino n'kutiveka majekete a ana ake. Amayi amenewa ankandikonda, komanso ankandiseka. Vayolini ankaitcha kagitala, ine ankanditcha wa manja a mazira.

"Amake Tadala," aNabanda ankawauza mayi, "mwana wamkazi wosadziwa kutsuka mbale mukumulera bwanji? Adzakwatiwa ndi kagitalako?"

Mayi ankaseka nawo, koma kunali kuseka kwa pakamwa chabe. Ndinkadziwa kuti mawuwo awalasa, chifukwa kwathu palibe chimene mayi wolera yekha ana amachiopa kuposa kunenedwa kuti akulera mwana wodzikuza.

Chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, m'nyengo yozizira kwambiri, mayeso anga atayandikira, aMbewe anamwalira mwadzidzidzi. Anali bambo wa mumpingo mwathu amene ankanditenga pagalimoto yake kupita ku mipikisano, osadandaula ngakhale msewu utadzaza chipale chofewa. Maliro amenewo sakanatheka kuwazemba. Tinakwera basi kupita ku Brampton, mayi atanyamula zitenje ndi bulangete.

Nyumba inali yodzaza. Pakhomo panali mulu wa nsapato zonyowa, abambo anakhala pamipando kuchipinda chochezera, amayi pansi atayala miyendo, akuimba nyimbo zamaliro motsitsa mawu. Munkamveka fungo la anyezi wokazinga ndi majekete onyowa. Atsikana onse anali kukhitchini. Ine ndinakhala pambali pa mayi, manja ndili nawo pamiyendo, ndipo zala zanga zinkayenda zokha pachitenje kubwereza nyimbo ya mayeso.

Anthu atadya, aNabanda anatulukira kuchokera kukhitchini thukuta lili kamukamu. Anandiona.

"Iwe Tadala, anzako akutsuka mbale uko, iwe wangokhala ngati mlendo? Dzuka."

Ndinayang'ana mayi. Mayi wina amene anakhala kukhoma anati, "Musiyeni, a chair, ndi wa manja a mazira uyo, angasweke." Amayi angapo anaseka chapansipansi, kuseka kwa pamaliro kobisa m'chitenje. Mayi sanandiyang'ane. Anayang'ana pansi, akupotokola ngodya ya chitenje chawo.

"Pita, mwanangu," anatero. "Lero lokha."

Ndinadzuka. Sizinandifikire n'komwe m'mutu kuti ndingakane. Mwana amakana bwanji munthu wamkulu, pamaliro a bambo amene ankamunyamula pagalimoto, pamaso pa mayi amene anamuveka jekete?

Sinki inali yodzaza thovu, madzi ake otentha ndi amafuta. Mtsikana wina wobadwira konkuno ankapukuta mbale pambali panga, akundifunsa m'Chingerezi ngati n'zoona kuti ndinaimbapo pa konsati. Ndinali m'kati momuyankha, ndikunyadira, pamene ndinalowetsa dzanja lamanzere m'tambula yagalasi kuti nditsuke pansi pake. Munthu wozolowera sinki akanadziwa kuti tambula yopyapyala sailowetsa dzanja lonse. Inasweka m'madzimo osamveka phokoso. Ululu sunali waukulu. Ndinangoona thovu likusanduka lofiira.

Amayi anathamanga, wina ndi kansalu, wina ndi bandeji. Bala linali pachala chovala mphete, chapam'munsi, laling'ono ndithu poliona. "Ndi kabala chabe aka," aNabanda anatero akumanga. "Wabatizidwa lero, wakhala mzimayi." Magazi analeka, ndipo aliyense anabwerera ku ntchito yake. Koma ine nditayesa kupinda chalacho, nsonga yake inangokhala chilili ngati ya munthu wina. Ndinapita kwa mayi n'kuwanong'oneza kuti chala sichikupindika, tipite kuchipatala.

"Chatupa chabe," anandinong'oneza nawonso. "Sitingachoke pamaliro pano chifukwa cha bala la tambula. Anthu aziti chiyani?"

Maliro a kuno amatenga masiku, podikira mapepala otumizira thupi kumudzi. Tinakhala komweko mpaka thupi la aMbewe litanyamuka, kenako mayi anayenera kubwezera masiku amene anajomba kuntchito. Pamene tinkafika kuchipatala bala linali litatseka bwinobwino. Dokotala anagwira chalacho, anandiuza kuti ndipinde, kenako anafunsa mayi chifukwa chimene tinachedwera chonchi. Anati mtsempha wokoka chalacho unaduka ndipo unali utabwerera m'kati mwa chikhatho. Anandichita opaleshoni, koma anatichenjezeratu kuti chala chikhoza kugwira ntchito zonse za masiku onse, osati zimene ine ndinkachifunira.

Mayi Irena ataona dzanja langa lili m'bandeji sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa. Anandikhazika pampando n'kundifunsa mmene zinachitikira. Nditafotokoza anati, "Bwanji sunakane?" Ndikanamuuza bwanji m'Chingerezi za jekete, za galimoto ya aMbewe, za kuseka kwa m'chitenje? Ndinangoti sindikudziwa.

Sukuluyo sinandichitire nkhanza. Anasuntha mayeso anga, anandipatsa miyezi yoti ndichire, ndipo Mayi Irena ankakhala nane nthawi yoonjezera kuyesa kusintha kagwiridwe ka nsambo kuti chala chovulalacho chizipuma. Ndinkachiviika m'madzi ofunda, ndinkafinya kampira, ndinkachipinda ndi dzanja linalo mpaka misozi kutuluka. Chinayamba kupindika pang'ono, koma chinkafika pansambo mochedwa, ndipo pa vayolini kuchedwa pang'ono n'chimodzimodzi kusafika. Chowawa kwambiri chinali chakuti makutu anga sanavulale. Nyimbo ndinkaimva m'mutu mmene iyenera kumvekera, yoyera, kenako n'kumva zimene dzanja langa likutulutsa.

Tsiku la mayeso oweruza anakhala kuseri kwa tebulo lalitali. Chigawo chodekha ndinachiimba bwino, mwina kuposa kale lonse. Chitafika chigawo chothamanga, chala chinatsalira, ndipo zina zonse zinagwa motsatana nacho. Palibe anakwinya nkhope. Mmodzi anandithokoza mwaulemu kwambiri, ndipo ndinadziwa kuti zatha. Patapita masiku mkulu wa sukulu anatiitana ine ndi mayi, natiuza mofatsa kuti malo anga sangapitirire chaka chotsatira. Vayolini imene ndinkaimba inali ya sukulu, choncho ndinaisiya pomwepo. Mayi Irena anandiperekeza mpaka pachitseko, anagwira dzanja langa n'kulitembenuza monga mwa chizolowezi chake, kenako anangolisiya.

M'sitima yapansi panthaka pobwerera ku North York, msana wanga, wopanda vayolini, unali wopepuka modabwitsa. Madzulo amenewo mayi anatsuka mbale okha monga mwa masiku onse. Tsiku lotsatira ndinadzuka patebulo n'kukazitsuka ine, ndipo mayi anangokhala pampando akundiyang'ana kumsana, osandiletsa.

Ndinapita kusekondale wamba, ndinamaliza, ndipo lero ndimagwira ntchito ya muofesi ku Hamilton. Nkhani ya chala sitinaikambepo ndi mayi ngakhale tsiku limodzi. Ndinawasungira mkwiyo zaka zambiri, ndipo iwo ankadziwa. Wailesi ikayamba nyimbo ya vayolini ankadzuka kukaitseka msangamsanga, ngati wayamba kutukwana ndi munthu.

Mayi anamwalira chaka chathachi. Uthenga utangomveka, nyumba inadzaza pasanathe ndi theka la tsiku lomwe. Amayi a ku Brampton anabwera ndi zitenje ndi mapoto, abambo anayendetsa za mapepala, atsikana amene sindinkawadziwa n'komwe anaima pasinki. Ine sindinagwire kanthu. Maliro n'kulirana, ndipo mayi analira a anzawo mokhulupirika, choncho anawalira mokwanira. Apo m'pamene ndinamvetsa zimene ankateteza tsiku lija poyang'ana pansi. Mkazi wamasiye m'dziko la eni, wopanda mlongo ngakhale msuweni, anali ndi amayi amenewa basi, ndipo ankadziwa kuti tsiku lina ine ndidzatsala ndekha ndi mtembo wake.

ANabanda anabweranso, atakalamba, akuyendera ndodo. Anakhala pambali panga n'kundigwira dzanja lomwelo lamanzere, akulisisita mwachikondi.

"Tadala, mwanangu, sungawaimbireko mayi ako kanyimbo kamodzi ndi kagitala kako kaja? Ankakunyadira kwambiri."

Ndinawayang'ana kumaso kufuna kuona ngati akundiyesa. Sankandiyesa. Anali ataiwaliratu.

"Ndinasiya kalekale, Anti."

"Aa, ana inu," anatero akupukusa mutu. "Simuchedwa kutopa ndi zinthu. Mphatso ngati ija kungoitaya?"

"Zoona, Anti," ndinawayankha.

Zimene ndikudziwa tsopano sizinditonthoza. Ndinkafuna kuti pakhale munthu woipa m'nkhani imeneyi, woti ndizimuda, koma palibe. ANabanda ankafuna ndikule ngati mwana wa anthu, mayi ankafuna ndisadzasowe ondilirira, ndipo onsewo anapeza zimene ankafuna. Mphatso ya mwana imafuna munthu wamkulu mmodzi yekha wolimba mtima kunenedwa wodzikuza pamaso pa anzake, ndipo tsiku limenelo m'nyumba yodzaza anthu ondikonda munalibe ngakhale mmodzi, ngakhale ine mwini. Ndinaphunzitsidwa ulemu bwino kwambiri moti patapita zaka zonsezi, nditakhala pafupi ndi bokosi la mayi anga, ndinavomereza kwa mayi amene ananditumiza kusinki kuti vayolini ndinaisiya chifukwa cha ulesi.