Dazi la m'munda mwa a Chimango

A Chimango a ku Champiti anathera unyamata wawo ku Namibia, akuweta nkhosa za mzungu m'mphepete mwa chipululu. Anabwerako ndi chifuwa chosatha komanso nkhani imodzi imene anthu anatopa nayo kalekale. Ankati kumeneko udzu umamera n'kumasiya malo ozungulira ngati lichero, opanda kanthu, ambirimbiri. Anthu ophunzira ankabwera kudzakumba. Ena ankati ndi chiswe, ena ankati udzu umalimbirana madzi, ndipo ankabwerera kwawo akukanganabe.

Ndiye chaka chatha dazi lotero linatuluka m'munda mwawo mwa kachewere, pakati penipeni. Anathirapo manyowa, anabzalanso, koma mbewu zinkangofota. Iwo sanadabwe. Amene anadabwa ndi mlongo wawo Selestina, mayi wa pakamwa posapuma, amene sanamukondepo mlamu wake.

"Achimwene, munda wa makolo uwu sunachitepo zimenezi," anatero Selestina. "Afunseni akazi anuwa chimene anakwirirapo."

Akazi awo, a Dailes, anabwera pamudzipo pachitengwa ali mtsikana, ndipo anakalambira pomwepo. Tsopano kumjigo anzawo ankangoti zii akawaona. Madzulo ankakhala pakhonde manja ali m'masaya.

Zinawapweteka a Chimango, ndipo analibenso mphamvu zokangana. Anakwera kabaza mpaka ku Boma kukaitana mlangizi wa zaulimi. Ankaganiza kuti munthu wasukulu akanena poyera kuti zinthu zina sizidziwika, abale awo adzawasiya a Dailes. Mlangiziyo anakumba, anafunafuna chiswe, anatenga dothi m'kajumbo. Patapita milungu anabweranso, abale onse atasonkhana.

"Tayeza, bambo. Dothi lilibe vuto. Kunena zoona, sitikudziwa."

"Mwamva?" anatero a Chimango, mtima uli m'malo. "Ngakhale kuchipululu kuja sankadziwa!"

Selestina anaseka chapansipansi. "Eetu. Makina aboma alephera. Ndiye kuti ndi dzanja la munthu."

Onse anagwedeza mitu. A Chimango anayang'ana nkhope imodziimodzi, n'kuzindikira kuti umboni aubweretsa okha, pa ndalama zawo.

A Dailes sanalire. M'mawa mwake anamanga zovala m'chitenje, nati akupita kwawo ku Nsipe, kumene ngakhale nyumba ya amayi awo inagwa kale. A Chimango anawanyamulira katunduyo mpaka kumsewu, akutsokomola njira yonse.

"Bwererani, bambo," anatero a Dailes. "Mphepoyi ikupwetekani, ndipo kulibenso wokuwiritsirani madzi."