Mutu Unali ndi Eniake

Amuna anga anali telala pakhonde la sitolo ina pa Naisi. Masiku amenewo dziko litangoyamba kudzilamulira, aliyense ankafuna malaya atsopano, ndipo makina awo ankalira tsiku lonse. Madzulo ankabwera pa njinga akuimba nyimbo za kwaya ya ku Mishoni. Mawu awo anali oipa zedi, ndinkawauza ndithu, koma ndikangowamva ali kutsidya kwa mtsinje, mtima unkakhala m'malo. Ndimazisowa zimenezo mpaka lero.

Mutu unayamba kuwawa m'dzinja lina. Tinati ndi waching'alang'ala, n'kuwatemera mphini, koma ayi ndithu. Kenako anayamba kusanza m'mawa, msoko n'kumapita chokhota, munthu amene sanakhotetsepo msoko chiyambire ntchito. Tsiku lina anagwa pampando n'kumaphupha ngati wakhunyu.

Kuchipatala ku Zomba anatitumiza ku Blantyre. Kumeneko adokotala, namwino akutanthauzira, anandiuza kuti mu ubongo muli chotupa chokula msanga, chikupanikiza za m'katimo ngati chinangwa chikamang'amba mzere. Wodziwa kutsegula mutu m'dziko muno munalibe, anali ku Halale, ndipo njira yowatumizira kumeneko inalipo. Sanalonjeze kuti achira, anangoti tisachedwe. Apa n'kuti nzeru za amuna anga zikubwera n'kuchoka, ndiye adokotalawo anati ndivomere ndine.

Ine ndivomere? Iwo anali akamwini pamudzi pathu. Ana anali anga, munda wanga, koma mutu wa amuna angawo unali ndi eniake, amalume awo, omwe anali ku migodi ku Joni. Mkazi kulola kuti ang'ambe mutu wa mwana wa eni, n'kukafera kuchilendo, mlandu wake angausenze ndani? Apongozi anga, mayi awo, anangoti tidikire achimwene awowo. Uthenga unapita, koma wa ku migodi sabwera kontirakiti isanathe. Ndinakalipa, ndinalira, ndinapita kwa ankhoswe, onse yankho lomwelo.

Tinabwerera kumudzi kukadikira. Chodabwitsa n'chakuti miyezi imeneyo ndimaikumbuka mokoma. Ndinkawayalira mkeka pansi pa mango, n'kumawasendera nzimbe. Maso atasiya kuona, ankandizindikira ndi mayendedwe, ati ndimaponda pansi ngati ndakwiya. Bodza silinalipo, ndinali wokwiyadi. Kenako kuyankhula nako kunatha.

Amalume aja anafika chimanga chitauma, atavala jekete yatsopano ndi chipewa. Anakhala pafupi ndi mkeka, n'kuyang'ana kwa nthawi yaitali mwana wa mlongo wawo, yemwe sanawazindikirenso. Nditawafotokozera zonse, anavula chipewa n'kutembenukira kwa ine.

"Apongozi, bwenzi mutangovomera. Ine ndikanakana bwanji?"

Ndinadzuka kukawatenthetsera madzi osamba, poti anali alendo.