Dzanja la Tshiala

Mukafunsa ku Matonge, dera lina la mumzinda wa Brussels, kuti amaluka tsitsi losamasuka msanga ndani, aliyense akulozerani kasaluni ka Tshiala Kabongo, kuseri kwa sitolo ya makayabu, nsomba zouma zamchere zija. Mayiyu anayamba kuluka ali kamtsikana kwawo ku Kananga, ndipo ku Brussels anabwera nalo dzanja lomwelo. Ndiye dzanja lake kukoka! Munthu ankachoka pampando nsidze zitakwera m'mwamba.

"Iwe Tshiala, ukufuna kundizula ubongo?" ankadandaula amayi ena.

"Khalani phee, mama. Mwabwera kudzakongola kapena kudzagona?"

Ankanyadira kwambiri tsitsi la mwana wake Odia, mtsikana wa kusekondale. Linali lachilengedwe, losalawa mankhwala, lofika pamsana. Tshiala ankaliluka yekha, kulidzoza mafuta pakati pa mizere, n'kumukalipira mwanayo akagona osamanga mpango, poti chisanu cha kuno chimaumitsa tsitsi mpaka kumaduka ngati udzu.

Loweruka lina akumumasula meshi, chala chake chinatsetsereka pamwamba pa khutu lamanzere. Anayang'anitsitsa. Panali kamalo kosalala, konyezimira, kopanda ngakhale katsitsi kamodzi.

Malo otere ankawadziwa. Ankawaona pansi pa mawigi a makasitomala ake akale, ndipo iye ankangowauza kuti ndi ukalamba. Nanga Odia wakalamba liti?

"Amayi, mwaimiranji?"

"Palibe. Chala chachita dzanzi."

Bodza lenileni. Mantha anamugwira Tshiala, mantha osadyetsa. Dokotala atamuona mwanayo sanazungulire: vuto ndi kukoka tsitsi poluka, ndipo ngati mizu yafa, basi, sipameranso. Anati adikire, asamulukenso kaye. Pobwerera Odia anakokera chipewa mpaka m'makutu.

Kudikira kumeneko ndiye kunamudya mayiyu. M'mawa uliwonse ankanamizira kukonza mpango wa mwanayo kuti asuzumire pakhutupo. Ng'oo, posalala pomwe paja. Akaona mkazi wadazi mumsewu ankayang'ana kumbali. Kusaluni nako zala zinayamba kumukanira. Akafika m'mbali mwa chipumi cha munthu, ankasiya titsitsi tating'onoto osatigwira.

"Aa, Tshiala, iti watisiya bwanji? Wakalamba eti?"

"Tisiyeni, mama, n'tosakhwima," ankayankha, mawu ali pansi. Ena ananyanyala n'kupita kwina, koma iye analibe nazo ntchito.

Chisanu chikutha, tsiku lina kuwala kwa pawindo kunagwera pamutu pa Odia akudya pondu, chigwada cha kwawo. Tshiala anasendera, akuopa ngakhale kupuma. M'mphepete mwa kamalo kaja munali titsitsi tofewa ngati ta khanda. Pakati panali pakadali posalala, komabe kumera kunali kutayamba.

"Mulungu wanga! Odia, likumera!" Anathamangira chipeso, misozi ili chuchuchu. "Bwera ndikuluke zikuluzikulu, mwanangu. Sindikoka, ndalumbira."

Odia sanasunthe. Anaika dzanja pamwamba pa khutu, maso ali m'mbale.

"Ndinapita kale kwa a Mwadi, a saluni ya kutsidya kwa msewu ija. Akuti azindiluka ndi iwo. Musakwiye, amayi. Mukangondigwira m'mutu, thupi lonse limanjenjemera."

Tshiala anafuna kukalipa, kumuuza kuti Mwadi sadziwa n'kuwongola mzere komwe. Koma anadziletsa. Anaika chipesocho patebulo pang'onopang'ono.

"Chabwino," anatero. "Koma ukawauze kuti pakhutupo asakhudzepo."