Valavu ya ku Joni M'dimba la Apongozi

Iyayi, si njala imene inandichotsa kuno ku Ndunde. Anthu ndimawauza choncho, koma inu poti mwafunsa za bokosi lili pamtengo wa mangoli, ndikuuzani zoona. Ndinachoka chifukwa cha Feston.

Feston ndi mkamwini mnzanga. Ine ndinakwatira Agnesi, iye anakwatira mng'ono wake wa Agnesi, ndiye tonse tili pamudzi wa apongozi amodzi, madimba athu ogundana malire. Ndi mwana kwa ine ameneyo. Koma anagula pampu ya sola, n'kukweza thanki pamwamba pa chulu, kumtunda kwa dimba. Ine makheni awiri m'manja, kutsika kuchitsime, kukwera, mapewa kuwawa ngati andimenya. Iye kungopotokola mpopi, manja m'thumba. Tsiku lina ndinamva apongozi akuuza Agnesi kuseri kwa nkhokwe kuti, "Mng'ono wakoyu ndiye anasankha ndi maso." Ndinagulitsa njinga yanga ya kabaza ndi mbuzi ziwiri, ulendo wa ku Joni.

Kumeneko ndinapeza ntchito ya m'gadeni kwa bwana wina wokhala ndi dziwe losambiramo pakhomo. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Lamulungu ndinkangokhala, palibe woti ungamuuze ngakhale kuti mutu ukundiwawa. Ndalama ndinkatumiza ndithu, mwezi wina bwino, mwezi wina zochititsa manyazi. Koma Agnesi akatumiza mawu pafoni, ayi ndithu: "Alamu a Feston atikokera paipi, mpiru uli bwino." Mawa lake, "Alamu a Feston atinyamulira tomato ku Namitambo." Ndinkamvetsera kawiri katatu, kufufuza ngati mawu ake akusekerera potchula dzinalo. Kaya ndinkafuna kumva chiyani, sindikudziwa.

Nsanje ndi matenda oipa. Ndinafika pochitira nsanje kapinga wa abwana. Udzu, woti ngakhale mbuzi sidya, kumwa madzi m'mawa ndi madzulo.

Pakhoma pafupi ndi dziwe lija panali bokosi loyera. Linkayatsa lokha pampu yosefa madzi, kuyatsa magetsi a m'dziwe, nthawi ikakwana kuzimitsa. Tsiku lina abwana anati akufuna kuti bokosi lomwelo lizithiriranso kapinga. Anaitana mmisiri, Mzimbabwe wina wachete, ine n'kumamugwirira zida. Anaika valavu pa paipi ya madzi. Valavu ndi kampopi kotseguka ndi magetsi, kali ndi mawaya awiri basi. Ndinamufunsa kuti bwanji osangolowetsa mawayawo m'bokosi. Anati, "Ipsa pomwepo. Magetsi a m'bokosi ndi aakulu, iyi imadya ochepa, twente folo basi." Ndiye anatenga magetsi pa swichi imodzi ya m'bokosi imene inalibe ntchito, n'kuwadutsitsa pa kathiransifoma kowachepetsa mphamvu, kenako mawaya awiri aja. Sukulu ndinalekera sitandade faifi, koma zimenezo ndinajambula pakatoni, waya uliwonse ndi mtundu wake. Nthawi itakwana ndinamva kuti "tha!", madzi fwaa pakapinga ponse. Mumtima ndinati, Feston, undiona.

Chimene sindinaganize n'chakuti wothirira kapinga uja ndinali ine. Pasanathe miyezi itatu abwana anati ndizibwera masiku awiri okha pasabata. Chaka chotsatira anagula bokosi latsopano loyendera foni, lakale lija anati ndikataye. Sindinataye. Ndinagula valavu yanga, thiransifoma yanga, n'kukulunga zonse m'bulangete. Anzanga pabasi ananyamula mafiriji ndi mawailesi, ine bokosi lili pamiyendo ngati khanda mpaka ku Limbe.

Nditafika, tomato wa Agnesi anali akuchita maluwa, wobiriwira bwino, paipi ya Feston itagona pakati pa mizere. Chinthu choyamba chimene ndinachita, ndisanagawe n'komwe mphatso, ndinati, "Paipi iyi ibwerere kwa eni ake. Mwamuna wa pano wabwera."

Agnesi anandiyang'ana. "Bambo a Chisomo, tomatoyu ali ndi maluwa. Akagona masiku awiri osamwa, ayoyoka."

"Ndati ibwerere."

Anaikulunga n'kukapereka.

Masiku atatu ndinali kalikiliki. Batire ndi invata zopatsa bokosi magetsi ndinagula ku Limbe. Bokosi ndinakhomera pamtengo wa mango, katoni yanga ija pambali, waya ndi waya monga anachitira Mzimbabwe. Paipi imodzi ndinaigwetsera m'chitsime, valavu pakati, ina kupita m'mizere. Makheni sindinalole kuti munthu agwire, ndinkafuna anthu aone dothi louma likunyowa lokha. Dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Maluwa anayamba kugwa, ine osaona.

Tsiku lachinayi ndinaitana mudzi wonse. Apongozi anakhala chapatali pachitsa, monga mwa ulemu wake. Ndinatchera bokosi kuti folo koloko litsegule. Folo itakwana, "tha!" Valavu inatseguka ndithu, ndinalumikiza bwino, pamenepo musandinyoze. Koma madzi, ngakhale dontho.

Tinadikira. Wina anatsokomola. Kenako apongozi, osayang'ana ine, kuyang'ana mwana wawo, anafunsa mofatsa kuti, "Agnesi, kodi ku Joniko madzi amakwera okha kuchoka m'chitsime?"

Apa m'pamene zinandilowa m'mutu. Zaka zinayi ndikutsegula mipopi kwa abwana, madzi akubwera ndi mphamvu, sindinafunsepo kuti akuwakankha ndani. Valavu ndi chitseko chabe. Chitseko sichibweretsa mlendo. Anthu anabalalika mwakachetechete, bola akanaseka. Agnesi anatenga makheni, n'kutsikira kuchitsime yekha. Ndinamutsatira, koma mizere iwiri yakumapeto inali itapita kale.

M'mawa mwake ndinapeza Feston ataima pansi pa mango, akuyang'ana katoni yanga. Ndinakonzeka kuti anyoze.

"Achimwene, mwajambula ndinu izi?"

"Ndine. Bwanji?"

"Chinthuchi chingatsegule madzi ine kulibe? Ndikapita kumsika ku Namitambo ndimabwera dzuwa litapsereza kale mbewu. Mlamu wanu ndiye amaiwala, thanki imatha yonse pamzere umodzi." Anakanda m'mutu. "Ine mawaya ndimawaopa. Inu ndiye mwayenda, mwaona zinthu. Ine ngakhale ku Mwanza sindinafikeko."

Ndinamuyang'anitsitsa, kufuna kuona ngati akundiseka. Sanali kuseka. Munthu amene ndinamuthawira ku Joni zaka zinayi ankasirira katoni yanga.

Tinachotsa paipi m'chitsime, tinaikokera kuthanki yake pachulu paja, poti madzi otsika kumtunda amabwera ndi mphamvu yawo. Iye ananyamula paipi, ine mawaya. Madzulo, "tha!", madzi m'madimba onse awiri. Agnesi sanandiyamikire. Anangoti, "Mizere iwiri ija mubzala nokha."

Musaganize kuti ndinachira. Anthu odutsa pano popita ku Milepa amaima n'kumaloza, amvekere, "Taonani makina a Feston." Makina a Feston! Bokosi ndinanyamula ndine pamiyendo masiku awiri. Zimandiwawa mpaka lero, sindinama. Nthawi zina ndimafuna kulemba dzina langa ndi penti pabokosipo.

Koma mwafunsanso kuti tomato mukudyayu wamwa madzi a ndani. Bokosi ndi langa, mawaya ndi anga. Madziwo ndi a Feston, yemwenso anandichotsa manyazi pamaso pa apongozi.