Mchere wa m'dzenje la kuseri kwa sitolo

Kwathu kwa Mwambo magetsi tinayamba kuwaona pa sitolo ya bambo ena achiyao amene anabwerako ku Halale. Nthawi imeneyo ndili ndi mwana mmodzi kumbuyo, boma la Chitaganya langoyamba kumene. Bambowo anaimika mlongoti wautali, pamwamba pake chinthu cha mapiko chozungulira ndi mphepo. Chikazungulira chinkadzaza mabatire, madzulo mababu n'kumayaka, wailesi n'kumalankhula. Asodzi ochokera ku Chilwa ankagula parafini ndi ulusi mpaka kuda.

Koma mphepo si wantchito wako. Nthawi ya mwera zinkayenda, koma kukatentha, mvula ili pafupi, mapiko aja ankangoti zii, sitolo mdima. Ndiye anakagula injini ku Limbe yoti izithandiza mphepo ikagona. Amuna anga ndiwo ankasoka pa khonde la sitoloyo, telala, ndipo ntchito ina iliyonse ikapezeka ankaitana iwo.

Mmisiri amene anabwera ndi injini ananena malamulo ake. Injini isakhale m'sitolo momwe muli parafini, ikhale m'kanyumba kakekake kolowa mpweya. Moto wa injini ndi moto wa mphepo zisakumane pa waya mmodzi, pakhale chogwirira choti ukakankhira uku watseka uko. Lamulo lachitatu ndi limene linandivuta ine. Anati pakumbidwe dzenje, muikidwe mbale ya mkuwa yomangirira waya, kuzungulira kwake makala ndi mchere, kuti moto ukasochera uzithawira pansi osati mwa munthu.

Mchere ndinali nawo ine. Paja ife tinkapala dothi la m'dambo, n'kulitcheza ngati chidulo, n'kuphika madziwo mpaka mchere utsale m'phale. Wanga unkayera, sindikudzitama ayi, amayi anandiphunzitsa kusathamangira moto. Ana a lero akauona angati ndi phulusa. Basi ndinapereka lichero lathunthu, amuna anga n'kukumba m'mamawa dzuwa lisanawawe.

Kum'mamawako ndiye kunalakwika. Mayi wina popita kumunda anaona telala akukwirira mkuwa, makala ndi mchere kuseri kwa sitolo. Pofika masana mudzi wonse unadziwa kuti a sitolo akhwima, ndipo mpunga wa anthu uzichoka wokha m'nkhokwe n'kumapita kwa iwo. Nanga mchere anapereka ndani? Ine.

Palibe anandilalatira. Kungoti pachitsime ndikafika nkhani inkatha. Pamsika lichero langa ankalidumpha. Alamu anga enieni, achemwali awo a amuna anga, anabweza mchere umene ndinawapatsa.

"Alamu, nanga bwanji?"

"Iii, tili nawo wina. Wanuwo sungirani injini, ikumva njala."

Ndinaseka nawo, n'kubwerera ndi mchere wanga. Mudzi unali wanga, ndinabadwira momwemo, koma ndinkayenda ngati mlendo.

Patapita milungu kunabwera bambo wa ku Boma woyendera zamagetsi, panjinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Kanyumba ka injini anakakonda. Chogwirira chija anakankha uku ndi uku, n'kugwedeza mutu kuti chili bwino. Atafika padzenje analumikiza kabokosi kake koyezera, kokhala ndi muvi, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Apa pauma, bambo. Dzenje lafupika. Mukumbe mpaka dothi lonyowa, muwonjezere mchere, apo ayi injini isalire."

A sitolo anandiitana. "Amake mwana, tipezereni lichero lina."

Ndinagwada bwinobwino, ndinati, "Pepani bambo, wanga watha." Sunathe ayi, unali wodzaza mtsuko. "Koma mawa ndi tsiku la msika. Mukumbe masana, anthu akuona, mchere mugule kwa aliyense mbale imodzi imodzi."

Anandiyang'ana, kenaka anaseka mpaka kugwira chitseko. Ankadziwa zimene zinkanenedwa, nawonso makasitomala anali atachepa.

M'mawa mwake amuna anga anavula malaya n'kuyamba kufukula dzuwa lili pamutu. Anthu anaunjikana, ena ataima patali ndithu kuopa kuti mutuluka kanthu. Munatuluka mbale ya mkuwa ija, itachita ndere zobiriwira, ndi makala. Mkulu wina wa mpingo anaitembenuza ndi ndodo, n'kufunsa ngati mankhwala ake ndi omwewo basi. Wina kumbuyo anati, "Atelala, kumbanibe, mwina mupeza mpunga wanga wa chaka chatha!" Anthu anafa nacho chiseko.

Dzenje litafika m'chiuno, kenaka m'khosi, dothi linayamba kuda ndi kumata khasu. A sitolo anaitana amene ali ndi mchere. Poyamba palibe anasuntha. Ndiye mayi uja amene anaona zam'mamawa zija anabwera ndi mbale yake, akuti bola athire yekha aone ndi maso. Atathira iye, enawo anachita kukankhana. Alamu anga anathira mbale ziwiri.

Woyendera uja atabweranso muvi wake unaima pamene ankafuna, injini inaloledwa. Inkalira ngati chigayo chodwala, nkhuku zinasiya kuikira kufupi ndi sitolo. Za kukhwima sizinamvekenso, poti ukanena, ukunena mchere wakonso. Loweruka lotsatira alamu anatuma mwana kudzapempha wanga, akuti wawo wonse unathera kudzenje.