Khofi wa pa Nambala 14

Ghislaine Hennebelle wayenda ndi makalata m'tauni yathu ino kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo chimene watolapo ndi mawondo olira akamakwera masitepe ndi zipsera ziwiri za mano a agalu pamwendo. Anayamba ntchitoyi ali mtsikana, migodi ya malasha itangotsekedwa kumene, nthawi imene kalata iliyonse inali youza mwamuna wina kuti ntchito kulibe. Mwamuna wake anapita ku Dunkerque kukafuna ganyu wa padoko, n'kupezako mkazi m'malo mwake. Kuyambira pamenepo Ghislaine wakhala yekha m'zipinda ziwiri pamwamba pa shopu yophika buledi, kudzuka kusanache, kupalasa njinga pamvula, kudziwa zinsinsi za makomo mazana anayi koma osaulula ngakhale chimodzi.

Makalata atayamba kuchepa, mabwana anamupezera ntchito ina. Ana amene anathawira kumizinda ikuluikulu amalembetsa makolo awo okalamba, wapositi n'kumagogoda kawiri pamlungu, kucheza mphindi khumi, kenako n'kudina pafoni ya kuntchito mawu amodzi mwa awiri: ali bwino, kapena pali vuto. Uthengawo umafika kwa mwanayo nthawi yomweyo. Chikondi cha masiku ano n'chimenechotu, kutuma munthu wa njinga kuti akakuonere ngati bambo ako akupumabe.

Mmodzi mwa olembetsedwawo anali Bambo Casimir Pawlak a pa nambala 14, mumdadada wa nyumba za njerwa zogundana makoma zimene eni mgodi anamangira antchito awo kalekale. Anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi chimodzi. M'nyumba imeneyo ndi mmene anabadwira, mmene anakwatirira, mmenenso mkazi wawo anamwalirira. Kuseri anali ndi khola la nkhunda za mpikisano. Mwana wawo yekhayo, Thierry, ankakhala ku Lyon. Ghislaine anayamba kumwa khofi wa m'nyumbayi kulembetsako kusanabwere n'komwe, chifukwa kuno wapositi sabwerera pakhomo kukhosi kuli gwa, ndipo ketulo ya khofi siyichoka pamoto. Kale zimenezi sizinkavuta, mbaula za malasha zinkangonyeka pang'onopang'ono tsiku lonse. Koma mbaula ya Bambo Casimir inali ya gasi, ndipo mutu wawo unali utayamba kutaya zinthu.

Vuto linanso linali la nthawi. Kwa zaka zambiri Ghislaine ankafika pakhomopo cha m'ma teni koloko. Mnzake wina atapuma pantchito, mabwana sanalembe wina, anangomusenzetsa misewu yake yonse, moti anayamba kufika wani koloko itadutsa. Bambo Casimir sanasinthe. Teni koloko ikakwana ankayatsa mbaula, kutereka ketulo, kukhala pampando n'kumamudikira.

Lolemba lina mu Novembala fungo linamulonjera chitseko chisanatseguke.

"Bambo Casimir, chikupsa n'chiyani?"

"Palibe chikupsa. Mphuno zakozo zakalamba kuposa ine. Lowa mwana wanga, ukunditulutsira kutentha."

M'khitchini ketulo inali itauma n'kuda bii, chogwirira chake chikusungunuka n'kumadonthera pamoto. Ghislaine anazimitsa, n'kutsegula zenera, kenako anayang'ana kudenga. Pamene ozimitsa moto anamangirira alamu ya utsi chaka chathacho panali patangotsala timisomali tiwiri.

"Alamu ija ili kuti?"

"Ili m'firiji."

"M'firiji?"

"Imalongolola kuposa malemu mkazi wanga. Ndaiika mmenemo kuti izizire mtima."

Ghislaine anaseka asakufuna. Atatulutsa foni, nkhalambayo inamugwira dzanja, nthabwala zonse zitatha.

"Usadine zoipa pakafoni kakoko. Thierry akungodikira chifukwa, mapepala a kunyumba ya okalamba ali nawo kale. Ndikatuluka muno sindibweranso, ukudziwa iwe. Ndikukupempha ngati mwana wanga."

Anadina kuti ali bwino.

Musaganize kuti anangokhala manja lende. Alamu anaibwezera kudenga, ataima pampando ndi mawondo akewo, koma Lachinayi anaipezanso m'firiji pambali pa batala. Anawagulira ketulo ya magetsi yozima yokha. Iwo anathokoza mwaulemu, mawa lake n'kuitereka pa mbaula ya gasi, matako ake apulasitiki n'kusungunuka. Anawachonderera kuti asamavutike n'kuphika khofi.

"Ndiye uzibwera kudzatani? Kudzaona maliro? M'nyumba mwanga simunatulukepo mlendo wosamwa kanthu, ndipo siziyamba ndi iwe."

Milungu khumi ndi umodzi Ghislaine ananamiza foni ija. Ankapalasa njinga mothamanga, kudumpha macheza a makomo ena, maso ali kumwamba kuyang'ana ngati pa madenga a msewu uja pakufuka utsi. Zinkamuwawa kwambiri kuti moto umene ankauopawo unkayatsidwira iyeyo.

Kuseri kwa khoma la khitchini imeneyo, pa nambala 16, kunkagona Bambo Lucien, amene fumbi la mumgodi linawadya mapapo. Bedi lawo analitsitsira m'chipinda chapansi, pambali pake makina owathandiza kupuma ndi mabotolo awiri akuluakulu a mpweya, a mtundu uja umene sufuna ngakhale kandulo pafupi. Kuyenda sankatha. Mkazi wawo, Mayi Odette, ndi amene ankawasamalira, ndipo tsiku lililonse masana ankapatulako msuzi n'kukapereka kwa Bambo Casimir. Anachita zimenezi kwa zaka zisanu ndi zinayi, chimwalirireni mnzawo uja, mkazi wa Bambo Casimir.

Mu Januwale Ghislaine anapeza nsalu ya pazenera la khitchini itapsa theka, khoma lili ndi mwaye mpaka kudenga. Bambo Casimir anali atakulunga dzanja lamanja ndi nsalu yopukutira mbale. Moto anauzimitsa okha ndi manja.

"Kanthu kakang'ono aka," anatero, maso akuthawa. "Ndinapsapo kuposa apa pansi pa nthaka. Khala pansi, khofi ndakusungira m'kapu."

Ghislaine anamwa khofiyo, wozizira, wowawa utsi. Anawatsuka bala, n'kuwamanga bwinobwino. Atatuluka anaima pakati pa zitseko ziwirizo, ndipo pa nambala 16 pankamveka makina aja akupuma m'malo mwa munthu. Nyumbayo ikanakhala payokha kumunda, akananamabe mpaka tsiku la maliro, ndipo sakanachita nazo manyazi. Koma Bambo Lucien sanapemphe aliyense kuti awotchedwe ali pabedi. Anadina kuti pali vuto. Thierry anaimba foni mphindi zisanu zisanathe, ndipo Ghislaine anamuuza zonse, n'kupempha chinthu chimodzi chokha, kuti bambo ake asadziwe kumene nkhaniyo yachokera.

Thierry, amene kwa zaka zitatu ankati ntchito siyimupatsa mpata, anafika Loweruka lomwelo. Pa milungu itatu zonse zinali zitatha. Nkhunda anazigawa, mazenera anatseka, bambo ake n'kukawasiya kunyumba ya okalamba kuseri kwa njanji. Mumsewu uja simunapse nyumba iliyonse. Palibenso amene anathokoza Ghislaine, chifukwa moto umene sunayake sauona munthu. Ku positi anangochotsa nambala 14 pamndandanda wake, n'kumuwonjezera nkhalamba ina ya kumsewu wa kumanda.

Patapita mwezi, Mayi Odette anamuimitsa pakhomo, maso ali ofiira.

"Ghislaine, ndapitako kawiri ndi msuzi wanga, andibweza pageti. Akuti Casimir sakufuna kundiona. Thierry anawauza kuti amene wawanenera ndi munthu wapafupi, ndiye akuti ndine. Ine? Zaka makumi asanu tikubwerekana mchere?"

Ghislaine anawapatsa makalata awo, n'kunena kuti mvula ikubwera. Anapalasa mpaka pangodya, n'kutsika panjinga. Anadziona kuti ndi wamantha, ndipo sankalakwitsa.

Lamlungu anapita kukaona Bambo Casimir. Anawapeza m'kachipinda koyera mbee, kotentha ngati m'chipatala, atavala jekete ngati munthu wodikira basi. Anali ataonda. Atamuona nkhope yawo inawala, ndipo zimenezo zinamubaya kuposa chipongwe chilichonse.

"Mwana wanga, wabwera. Khala apa. Khofi usayembekeze, kuno amatipatsa madzi otsukira mbale m'kapu ya pulasitiki. Ngakhale machesi anandilanda, ngati ndine mwana wa sukulu."

Anafunsa za nkhunda, anafunsa ngati anthu alowamo kale m'nyumba mwawo. Kenako anatsegula kabati ya pambali pa bedi n'kutulutsa envelopu yomata kale, ya sitampa, yolembedwa dzina la Mayi Odette m'zilembo zokhotakhota.

"Iyi upititse wekha, anamwino a kuno sindiwakhulupirira. Ndailemba masiku anayi ndi dzanja lopsali. Ndamuuza zonse mfiti ameneyo. Ankandibweretsera msuzi uku akuwerenga zipsera za pakhoma. Wandiika m'manda ndili moyo. Iwe wekha ndi amene unandisungira chinsinsi."

Ghislaine anagwira envelopuyo. Inali yolemera, mapepala atatu kapena anayi. Akanatha kuitaya mumtsinje pobwerera, nkhalambayo n'kufa ikumukonda. Koma Mayi Odette akanapitirizabe kubwezedwa pageti ndi msuzi wawo.

"Bambo Casimir, si Mayi Odette. Ndine. Tsiku limene munapsa dzanja ndinadina kuti pali vuto, ndipo Thierry ndinamuuza ndekha. Ndinaopa za Bambo Lucien."

Bambo Casimir sanakalipe. Anangotambasula dzanja.

"Ndibwezereni kalatayo."

Anawapatsa, akuganiza kuti aing'amba. Iwo anang'amba envelopu yokha, mosamala, n'kutulutsa mapepala aja. Anatenga bolopeni, n'kukhwacha dzina limene linali pamwamba pa tsamba loyamba, n'kulemba lina. Anawerenga pang'ono milomo ikugwedera, n'kukhwachanso mzere umodzi, mwina wonena za msuzi.

"Zina zonsezi zikhale momwemo," anatero. Anatenga envelopu yatsopano m'kabati muja, n'kumata sitampa. "Mayi, inu khomo langa mwalidziwa zaka makumi atatu, ine lanu sindilidziwa. Adiresi yanu ndi yotani? Munene pang'onopang'ono, dzanjali silinapole."

Ghislaine ananena dzina la msewu, nambala ya nyumba, ndi kuti ndi pamwamba pa shopu ya buledi. Iwo analemba chilembo chimodzichimodzi, akupumira m'mwamba, ndipo iye anakhala pomwepo n'kumaonerera mpaka anamaliza.

"Odette mumuuze abwere mawa. Iyi musaitenge m'thumba ayi, muiponye m'bokosi la pageti, iyende njira yake. Mutseke chitseko potuluka."

Panja kunali kamvula kowaza. Ghislaine anaima pa bokosi lachikasu lija, n'kuona kuti sitampa yamatidwa mokhota ndipo ngodya imodzi yatukuka. Anaikanikiza ndi chala kuti isamatuke m'njira, n'kuponya kalatayo.